Akuti mtengo wa chestnut unatha, nanga bwanji ukuphukabe?

Funso: Ndine mayi wa ku Ntcheu, koma ndakhala ku Virginia m'dziko la America zaka zisanu tsopano. Mwezi watha anzanga a kutchalitchi ananditenga kukayenda m'mapiri a Blue Ridge. Amene ankatitsogolera anationetsa timitengo tophuka pa zitsa zakale, nati ameneyu ndiye chestnut wa ku America, mtengo umene unatha ndi matenda zaka zambiri zapitazo. Pa tsinde la kamtengo kena panali chilonda cha mtundu wa dzimbiri. Mutu sunandigwire. Mtengo wotha ungaphuke bwanji? Komanso kwathu chiwawu chikagwa pa tomato kapena pa kachewere timapopera mankhwala n'kupulumutsako ndithu. Dziko lolemera chonchi lalephera pati?

Yankho: Mayi, wotsogolera wanuyo sananame, ndipo maso anunso sanakunamizeni. Mtengowo uli moyo pansi pa nthaka, koma pamwamba umafa mobwerezabwereza. Chitsa chimatulutsa mphukira, mphukirayo imakula zaka zingapo, matenda n'kuipeza, n'kuuma, chitsa n'kutulutsanso ina. Zitsa zina zakhala zikuchita zimenezi kuyambira agogo athu asanabadwe. Chilonda chimene munaonacho ndiye wakuphayo ali pa ntchito.

Kuti mumve kukula kwa malirowa, muyenera kudziwa kuti mtengowu unali wotani. Unkapezeka kuchokera ku Maine kumpoto mpaka ku Georgia ndi Mississippi kum'mwera, ndipo m'mapiri a Appalachia, amene Blue Ridge ndi mbali yake, unali wochuluka kwabasi. Unkatalika kufika mamita 30, wowongoka ngati bango. Matabwa ake sankawola msanga, choncho ankamangira nyumba, mipanda, mapolo a matelefoni ndi mitanda ya njanji. Makungwa ndi nkhuni zake ankatengamo mankhwala ofufutira zikopa. Mtedza wake unkagwa chaka ndi chaka osaphonya: ana ankatola kukagulitsa kusitolo, nkhumba zinkanenepera m'nkhalango popanda wozipatsa madeya, ndipo matumba ake ankakwera sitima kupita ku New York ndi ku Philadelphia. Kwa amphawi a m'mapiri amenewo mtengowu unali nkhokwe, unalinso banki.

M'chaka cha 1904, Hermann Merkel, amene ankayang'anira mitengo kumalo osungirako nyama ku Bronx mu mzinda wa New York, anaona nthambi za chestnut zikuuma pakati pa nyengo yawo yotentha, masamba ali lende osayoyoka. Anachita zomwe inu ndi ine tikanachita: anadula nthambi zodwala n'kupopera mankhwala a kopa. Sizinathandize. William Murrill, katswiri wa bowa wa ku New York Botanical Garden, anafufuza n'kupeza kuti wolakwa ndi fangayi, m'bale wa bowa ndi chuku chimene chimamera pa mtedza wosauma bwino, ndipo mu 1906 anamupatsa dzina. Dzinalo linasinthidwa kawiri, lero timamutchula kuti *Cryphonectria parasitica*. Boma la Pennsylvania linakhazikitsa komiti yapadera mu 1911, linaika ndalama zokwana madola 275,000, n'kutuma anthu kukadula mitengo yodwala kuti apange mzere woti matenda asadumphe. Pofika 1913 anali atagwa mphwayi. Chaka chomwecho Frank Meyer, amene ankasaka zomera ku Asia m'malo mwa boma la America, anapeza fangayi yemweyo pa mitengo ya chestnut ya ku China, ndipo mu 1915 anamupezanso ku Japan. Kumeneko mitengo inali ndi zilonda, inde, koma inali chiimire, ikubereka. Apa mpamene zinadziwika kuti matendawa anabwera ndi mbande zochokera ku Asia zimene anthu ankaitanitsa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kuti azibzala m'minda ya zipatso. Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo amanena moyamikira. Kalumo aka kanameta nkhalango yonse. Pofika cha m'ma 1950 mitengo yapakati pa 3 ndi 4 biliyoni inali itafa.

Tsopano za kupopera. Mukanakhala ndi mpeni tsiku lija n'kusenda khungwa m'mphepete mwa chilondacho, mukanaona chinthu chokongola moopsa: timaulusi totuwa mwachikasu, toyalana ngati chipepeso cha nkhuku, tikuyenda pansi pa khungwa. Fangayiyu amalowera pa bala lililonse, kaya pamene nthambi yathyoka, kaya pamene kachilombo kaboola, kaya pamene khungwa lang'aluka pokula. Akalowa amatulutsa asidi wotchedwa oxalic, amene amapha timaselo ta mtengo kutsogolo kwake, iye n'kumadya zakufazo akusunthira. Malo amene amadyawo ndi kamnofu konyowa, koterera kaja mumakaona mukamasenda luzi, ndipo m'menemo ndi mmene mtengo umakulira ndi kuyendetsa chakudya chake. Chilonda chikazungulira tsinde n'kukumana kuseri, zonse za pamwamba pake zimauma. N'chimodzimodzi ndi munthu wosenda khungwa mozungulira kuti mtengo uume uli chiimire. Timatuza ta mtundu wa dzimbiri timene munaona pa khungwa ndi mosungiramo timbewu take. Tina timauluka ndi mphepo, tina n'tomata, timatsetsereka ndi mvula kapena kukakamira ku mapazi a mbalame ndi tizilombo.

Dithane amene mumapopera pa kachewere ku Tsangano amagwira ntchito ngati chovala: amaphimba tsamba kuti kambewu ka chiwawu kakatera kafe kasanalowe. N'chifukwa chake mlangizi amati muyambe kupopera matenda asanaoneke, ndipo mvula ikatsuka mubwerezenso. Mumapirira zimenezi chifukwa kachewere ndi wa miyezi itatu kapena inayi, ndipo munda wake mumauzungulira ndi mapazi. Yerekezani mtengo wa mamita 30, wokhala zaka 200, matenda ali m'kati mwa khungwa mmene mankhwala safika, ndipo mitengoyo ili m'mapiri otambalala mtunda wa makilomita oposa 2,000. Palibe ndalama imene ingakwanitse. (Ndinene m'mbali kuti kachilombo ka chiwawu cha kachewere, *Phytophthora infestans*, kamene kanagwetsa njala yoopsa ku Ireland kuyambira 1845, si fangayi weniweni ngakhale kamaoneka ndi kuchita ngati iye. Ife ofufuza matenda a zomera timakonda kukangana pa zoterezi, mlimi alibe nazo ntchito.) Vuto lina ndi loti fangayi wa chestnut amathanso kukhala pa mitundu ina ya mitengo ya oak osaipha. Ndiye ngakhale chestnut yense atachoka, iye sangafe ndi njala. Amangodikira.

Mizu imapulumuka chifukwa m'dothi muli tizamoyo tambirimbiri timene timalimbana naye, ndipo iye pansi sapambana. Anthu okonda mtengowu amagwiritsa ntchito nzeru imeneyi: amakumba dothi pansi pa mtengo womwewo, amalikanda ngati matope omatira nkhokwe, amamata pachilonda, n'kukulunga ndi pulasitiki kwa miyezi ingapo. Chilondacho chimaima ndithu. Koma ndi chilonda chimodzi, pa mtengo umodzi, pamene dzanja likufika. Chaka chamawa china chimatulukira kumtunda.

Kafukufuku wina wa m'nkhalango za kum'mawa kwa America anayerekeza kuti patsala timitengo ta chestnut pafupifupi 430 miliyoni, koma unyinji wake ndi toonda ngati ndodo. Ndi tochepa timene timafika pochita maluwa, ndipo chestnut sabereka ndi mungu wake womwe, amafuna mnzake pafupi amenenso ali ndi maluwa nthawi yomweyo. Popanda mtedza palibe mbadwo watsopano, ndipo popanda mbadwo watsopano mtunduwo sungaphunzire kupirira matendawa. Zitsa nazo zimatopa, zimafa chimodzichimodzi. Akamati unatha amatanthauza zimenezo: mudzi wa nkhalamba zokhazokha, mopanda kulira kwa khanda.

Asayansi sanakhale manja lende. Njira zimene ayesa ndi zitatu, ndipo imene imandisangalatsa kwambiri ine inatulukira ku Italy mwangozi.

Matendawa anafika ku Ulaya, n'kuonekera koyamba pafupi ndi Genoa mu 1938, ndipo aliyense ankayembekeza maliro ngati a ku America. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Antonio Biraghi anaona mitengo ina ikuchira yokha. Zilonda zake zinali zotupa, zokhakhala, zosalowa m'kati, ndipo pansi pake mtengo unali utamanga khungwa latsopano. Ambiri sanamukhulupirire. Jean Grente wa ku France anatenga fangayi wa m'zilonda zoterozo n'kumumeretsa mu labotale, ndipo mu 1965 anafotokoza zimene anapeza. Ndinaonapo ndi maso anga mbale ziwiri zoterezi zitaikidwa pamodzi, ndipo sufunika sukulu kuti uone kusiyana. Mu mbale ya fangayi wolusa mumakhala chikasu chofiirira ngati lalanje lakupsa, timbewu tili mbwee. Mu inayo muli mbuu, ngati wawazamo ufa woyera, timbewu tochepa. Chodabwitsa n'chakuti ukawaika mu mbale imodzi, timaulusi tawo n'kukumana n'kulumikizana, wolusa uja amayamba kuyera kuchokera pamene akhudzanapo. Watengera. Fangayi woyerayo ndi wodwala: ali ndi kavairasi m'thupi mwake, kamene lero timakatchula kuti CHV1. Umboni wotsiriza unabwera mu 1992, pamene Gil Choi ndi Donald Nuss anaika chibadwa cha kavairasiko mwa fangayi wabwinobwino, iye n'kufooka. Mfiti nayo inapeza woilodza.

Ku France, Italy ndi Switzerland anayamba kuchiza mitengo ndi fangayi wodwalayu. Amaboola timabowo mozungulira chilonda, n'kupakamo phala la fangayi woyera, n'kutseka. Kwinanso kavairasiko kanafalikira kokha, ndipo lero anthu a kumeneko akuwotchabe mtedza wa chestnut m'misewu nyengo yozizira. Mtengo wa ku Ulaya uli ndi mwayi winanso, woti mwachibadwa umapirirako pang'ono kuposa wa ku America.

Atayesa zomwezo ku America, chilonda chopakidwacho chinkachira, koma kavairasiko sikankayenda m'nkhalango. Chifukwa chake ndi ichi. Fangayiyu ali ndi mafuko ake, ndipo timaulusi ta mafuko osiyana tikakumana sitilumikizana bwino. Timaselo ta pamalirepo timafa, njira n'kutsekeka. Chimene chimasiyanitsa mafukowa ndi majini asanu ndi imodzi odziwika bwino (ndikunena majini a chibadwa, osati aja amagwira anthu), iliyonse ya mitundu iwiri, kutanthauza kuti pangakhale mafuko 64. M'madera ambiri a ku Ulaya mumapezeka mafuko ochepa, ndiye matenda amayenda mosavuta pakati pa abale. M'nkhalango za Appalachia mafukowo ndi ambiri, mtengo umodzi ungakhale ndi angapo. Onjezerani kuti kavairasiko sikalowa m'timbewu touluka ndi mphepo tija, choncho mphepo iliyonse imabweretsa fangayi wathanzi. Ku Michigan kokha, m'timinda ta chestnut tobzalidwa patalipatali, ndi kumene kavairasi kena ka mtundu womwewu kanathandiza mooneka. Gulu la Nuss linadzapanga fangayi amene anamuchotsa ena mwa majini otsekereza aja kuti azitha kupatsira fuko lililonse, ndipo anakamuyesa m'nkhalango.

Njira yachiwiri ndi yodziwika kwa mlimi aliyense amene anaonapo chimanga cha makolo chikutengera mtundu kwa cha haibulidi cha m'munda woyandikana. Chestnut wa ku China wakhala ndi fangayiyu kuyambira kalekale, moti amadziwa kumutsekera: chilonda chikangoyamba, amamanga mpanda wa khungwa mwamsanga. Koma ndi mtengo waufupi, wotambalala ngati mango, umene m'nkhalango ungaphimbidwe ndi anzake. Charles Burnham, amene moyo wake wonse anali katswiri wa chibadwa cha chimanga ku Minnesota, anapereka nzeru iyi: kwatitsani wa ku China ndi wa ku America, mwana wake mumukwatitsenso ndi wa ku America, n'kubwereza katatu, pa mbadwo uliwonse mukusankha opirira okha. Gawo la Chimereka limakwera kuchoka pa theka kufika 75 pa 100, kenako 87.5, kenako pafupifupi 94. Bungwe la The American Chestnut Foundation linakhazikitsidwa mu 1983 pa nzeru imeneyi, ndipo munda wake waukulu wa kafukufuku uli ku Meadowview, m'boma lanu lomwelo la Virginia. Mmene amasankhira ndi mopanda chisoni: mtengo ukafika zaka zingapo amauboola dala, n'kuikamo fangayi, n'kudzayeza kutalika kwa chilonda. Wolephera amadulidwa.

Nzeruyi inatsamira pa chikhulupiriro choti kupirirako kumachokera ku majini awiri kapena atatu. Atayamba kuwerenga chibadwa chonse cha mitengoyi, zotsatira zofalitsidwa cha m'ma 2020 zinaonetsa kuti majiniwo ndi ambiri, omwazikana. Ndiye pamene ankasungunula magazi a Chitchaina kuti mtengo uoneke wa Chimereka, ankasungunulanso kupirira komwe ankakufunako. Mitengo yambiri ya 94 pa 100 inatuluka yopirira mwapakatikati. Zaka pafupifupi 40 zimenezo. Sindikuti zinapita pachabe, chifukwa mitengo ija ilipo, ndipo tsopano akukwatitsa yabwino yokhayokha mothandizidwa ndi kuyeza chibadwa, atavomereza kuti magazi a Chitchaina akhale ochulukirapo. Koma munthu wa chimanga amaona mibadwo iwiri pa chaka akakhala ndi mthirira, pamene wa chestnut amadikira zaka zisanu kapena kuposa kuti aone duwa loyamba. Cholakwa chimodzi chimadya theka la moyo wa munthu.

Njira yachitatu ndi imene yautsa mapokoso. William Powell ndi Charles Maynard, a ku koleji ya zankhalango ya SUNY ESF ku Syracuse, anayamba ntchito yawo cha m'ma 1990. Anaganiza kuti m'malo mopha fangayi, amulande chida chake. Tirigu ali ndi jini imodzi, yotchedwa OxO, imene imapanga chinthu chophwanya asidi wa oxalic uja. Anaitenga n'kuiika mu chestnut wa ku America. Fangayi amakhalabe pa khungwa, amadya pang'ono, koma sakhoza kupha mofulumira. Mtengo umene anausankha anautcha Darling 58, ndipo mu 2020 anapempha boma chilolezo choti ubzalidwe m'nkhalango. Ena anakana kuti mtengo wosinthidwa chibadwa usalowe m'tchire, ena anauona ngati mpulumutsi. Powell anamwalira mu November 2023. Mwezi wotsatira The American Chestnut Foundation inalengeza kuti yasiya kuthandizira mtengowo. Zinali zitadziwika kuti mitengo imene ankaiyesa kwa zaka zingapo sinali Darling 58 konse, inali m'bale wake Darling 54, mungu unasokonezeka poyambirira. Mwa Darling 54 jini ya tirigu ija inakhala pakati pa jini ina ya mtengowo. Bungwelo linanenanso kuti m'minda yoyesera mitengoyo inkakula mopinimbira, ndipo kupirira kwake kunali kosadalirika. A ku Syracuse sanagwirizane ndi chigamulocho, ndipo anapitiriza kupempha chilolezo.

Maganizo anga ndi awa. Nzeru ya OxO ndi yabwino, ndipo ine sindiopa jini ya tirigu, poti timaidya mu buledi tsiku ndi tsiku. Chimene chinalakwika ndi changu cholonjeza, ndi kudalira kwambiri mtengo umodzi. Mu Darling jiniyo imagwira ntchito usana ndi usiku, m'masamba ndi m'mizu momwe, kaya pali matenda kaya palibe, ndipo zimenezo zimadya mphamvu za mtengo. Pali mitundu ina imene akupanga yoti jiniyo izidzuka pokhapokha pakakhala bala. Komanso kum'mwera, kuphatikizapo madera otsika a Virginia, chestnut ali ndi mdani wachiwiri amene anafika kale fangayiyu asanabwere, *Phytophthora cinnamomi*, woola mizu, yemweyo amene amaumitsa mapeyala m'malo a lowe. OxO sathandiza pamenepo. Mtengo umene udzabwerere m'mapiri amenewo, ngati udzabwerere, ndikuona kuti udzakhala wa magazi osakaniza, wothandizidwa ndi njira zonse zitatu, ndipo amene adzakhale mu mthunzi wake ndi zidzukulu za ana obadwa lero.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kutali kokha. Fangayi wa chestnut ali ndi abale ake a banja limodzi, otchedwa *Chrysoporthe*, amene amachititsa zilonda pa tsinde la bulugama, ndipo ofufuza a ku University of Pretoria anawapeza ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ena pa bulugama, ena pa mitengo yachilengedwe ya katope. Mu 2013 mtundu woopsa wa fangayi wofotetsa nthochi, wotchedwa TR4, unapezeka m'minda ya ku Nampula ku Mozambique, koyamba mu Africa. Ameneyu amakhala m'dothi zaka zambirimbiri ndipo amayenda ndi mphukira za nthochi ndi matope a ku nsapato. Matenda a tirigu otchedwa wheat blast, amene anayambira ku Brazil mu 1985, anaonekera ku Mpika ku Zambia m'nyengo ya 2017 mpaka 2018. Kawirikawiri matenda otere sawoloka nyanja okha. Timawanyamula ndife, mu mbewu, mu mbande, mu dothi. Ndiye mukamadzabwera kudzaona abale ku Ntcheu, wina akakupatsani kambande kokongola kapena njere zoti mukayese kumudzi, musiyireni konko, ndipo nsapato zimene munayendera m'mapiri muzitsuke.

Mukadzapitanso ku Blue Ridge, yang'anitsitsani chilondacho. Chikakhala cholowa m'kati, chosalala, timatuza tadzimbiri tili mbwee, ndipo pansi pake patuluka timphukira tambiri, mtengowo ukugonja. Chikakhala chotupa, chong'alukang'aluka, koma masamba a kumtunda ali obiriwira, mtengowo ukulimbana, mwina mwa mphamvu yake, mwina fangayiyo ndi wodwala. Yang'ananinso pansi. Chikhokho cha mtedza wa chestnut ndi chaminga ngati kanungu, chachikulu ngati mpira wa tenesi. Mukachipeza pansi pa mtengo wa m'tchire umene tsinde lake simungalikwanitse ndi zikhatho ziwiri, jambulani masamba, khungwa ndi chikhokhocho, lembani malo ake, ndipo mudziwitse nthambi ya Virginia ya The American Chestnut Foundation. Mitengo yotere amaisaka kuti akatengeko mtedza ndi mungu. Nthawi yabwino yoiona ndi kumapeto kwa June, pamene maluwa ake oyera, ataliatali ngati ngayaye za chimanga, amaonekera patali.